Kachubu ka c-MYC kakakana kugwira ntchito, musathamangire kuitanitsa kena

Madandaulo a ofufuza omwe agula puloteni ya c-MYC m'kachubu ku kampani amabwera mosiyanasiyana. Wina amati mzere wa control (woyerekezera) sunatuluke pa Western blot, muyezo wofufuza puloteni ndi antibodi (puloteni ina yomwe imagwira chinthu chimodzi chokha). Wina amati watuluka, koma pamalo olakwika. Wina akuti puloteni sikugwira DNA, winanso anaithira pa maselo ndipo palibe chomwe chinasintha. Pomaliza onse amagwirizana kuti kampani yawagulitsa chinthu chakufa. Kwa ife a m'malabu aang'ono ngati kuno ku Kasungu, mawu amenewa ndi odula. Kuitanitsanso kumafuna ndalama zakunja, makalata olowetsera katundu, ndi kudikira mwina mpaka mvula itagwa n'kusiya, pomwe kafukufuku waima.

Mwa zomwe ndaona, puloteni yofika itafa kale kuchokera ku kampani ndi yosowa. Kawirikawiri imafera m'manja mwathu, kapena ili moyo ndithu koma tikuipempha ntchito yomwe singaigwire. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Chili m'kachubumo n'chiyani?

c-MYC ndi imodzi mwa mapuloteni omwe amakhala pa DNA n'kumalamula kuti jini iyi iwerengedwe, iyo ikhale chete. M'mabuku amawatcha transcription factor. Ntchito yake yaikulu ndi kuuza selo kuti ikule ndi kugawikana. Maselo a chitetezo a mtundu wa B ndi T akakumana ndi mdani amaichulukitsa kwakanthawi kuti aswane msanga, kenako amaitsitsa. M'selo yabwinobwino, pakatha mphindi 20 mpaka 30 theka lake limakhala litaphwanyidwa kale.

Zimasokonekera ikasiya kutsika. Pa khansa ya Burkitt, ija imatupitsa nsagwada ndi mimba za ana, chidutswa cha chromosome 8 chomwe chili ndi jini ya MYC chimasinthana malo ndi cha chromosome 14, nthawi zina 2 kapena 22. Jiniyo imakapezeka pafupi ndi majini opanga antibodi, omwe m'selo ya B sapuma, ndiye nayo sipumanso. Denis Burkitt analemba za matendawa mu 1958 ali ku Uganda. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo ka Epstein-Barr (EBV) m'maselo a chotupa chomwechi, ndipo mu 1982 zinadziwika kuti jini yomwe imasamuka ndi MYC. Matendawa amakonda madera omwe malungo ndi ochuluka, n'chifukwa chake ndi imodzi mwa khansa zomwe zimagwira ana kwambiri m'dziko muno.

Ndinenepo apa, poti ena owerenga amagwiranso ntchito ku wodi: kachubu aka ndi ka kafukufuku basi, sikoyezera wodwala. Mwana wotupa nsagwada kapena mimba mofulumira atumizidwe ku Kamuzu Central mosachedwa, chifukwa chotupachi chimatha kuwirikiza kukula m'masiku awiri okha.

Puloteni ya m'kachubu sinachoke m'thupi la munthu. Kampani imatenga jini ya munthu, kuilowetsa m'bakiteriya wa E. coli, kapena m'maselo a tizilombo, kapena m'maselo a munthu otchedwa HEK293, n'kuwasiya aipange. Kuti aipatule mosavuta amailumikiza kamchira: ma amino acid (timanjerwa topanga puloteni) 6 a histidine, mwachidule His, omwe amamatirira ku nickel, kapena puloteni ina yotchedwa GST. Zinthu zitatu izi, komwe inapangidwa, kamchira kake, ndi kutalika kwake, zalembedwa pa pepala lomwe limabwera ndi katundu. Theka la mavuto ali m'munsimu yankho lake lili pa pepala limenelo, lomwe ambiri timalitaya pamodzi ndi bokosi.

Jeli imodzi musanatsutse aliyense

Musayambe ndi antibodi. Tengani pafupifupi 1 µg ya puloteniyo, ithamangitseni pa jeli ya SDS-PAGE, yomwe imalekanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwawo, pambali pake muike BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ya muyezo wodziwika, monga 0.25, 0.5 ndi 1 µg, kenako mudaye ndi utoto wa Coomassie. Zimapweteka kuwononga 1 µg pa kachubu ka 20 µg, ndikudziwa. Koma jeli imeneyi imakuuzani mbali yoyang'ana.

Mukaona mzere umodzi wooneka bwino, puloteni ilipo ndipo ndi yathunthu. Vuto lili kutsogolo, ku antibodi kapena ku kayezedwe. Mukaona timizere tambiri pansi, kapena chifunga chotsetsereka, yaphwanyika. Mukaona zinthu zitatsakamira pamwamba, pakamwa pa jeli, yaundana m'magulumagulu. Mukapanda kuona kanthu pomwe BSA ikuoneka, puloteni mulibe m'madzi omwe mwatengawo.

Pali msampha umodzi. Ngati kampani, kapena inu nomwe, munathira BSA m'kachubumo kuti iteteze puloteni, BSA imakhala pa 66 kDa (muyezo wa kulemera kwa puloteni), pafupi kwambiri ndi pomwe c-MYC imaonekera. Mzere wonenepa womwe mukusangalala nawo ukhoza kukhala wa BSA. Zikatero Coomassie sikuthandizani. Pitani ku Western blot ndi antibodi ya kamchira, anti-His kapena anti-GST.

Kuyeza kuchuluka kwa puloteni ndi makina a kuwala kwa 280 nm sindikukhulupirira pa nkhaniyi. Imidazole yotsalira, yomwe amachotsera puloteni ku nickel, imasokoneza chiwerengero, ndipo DTT, mankhwala otetezera puloteni, imasokoneza muyezo wina wotchedwa BCA. Diso pa jeli, poyerekeza ndi BSA, silinama kwambiri.

Ngati mulibe kanthu, kapena yaphwanyika

Yambirani pa ulendo. Katundu amatera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, amadikira makalata, kenako akwere galimoto mu M1, kudutsa Mponela ndi Madisi, kuwoloka Bua, mpaka kufika kuno. Ngati puloteniyo ndi yamadzi, imabwera pa dry ice, yomwe imakhala pa -78 °C koma imatha yokha, makilogalamu angapo pa tsiku. Bokosi lotera Lachisanu madzulo m'mwezi wa Okutobala likhoza kutsegulidwa Lachiwiri muli mpweya wokhawokha. Potsegula, lembani tsiku, ngati dry ice yatsalamo, ndi ngati kachubu kali kouma gwa. Jambulaninso. Poitanitsa, pemphani kuti atumize kumayambiriro kwa sabata, ndipo ngati pali yaufa, youmitsidwa, sankhani imeneyo. Yaufa imapirira masiku angapo kunja kwa firiji.

Yaufayo ili ndi vuto lakelake: simaoneka. Ma microgram 20 ndi kafumbi komwe pa ulendo kamakakamira pa chivindikiro. Munthu amatsegula, kafumbi kauluka kapena katsalira pa chivindikiro, iye athira madzi pansi n'kumayeza madzi enieni. Zungulitsani kachubu mu centrifuge kwa theka la mphindi musanatsegule. Thirani madzi kapena buffer (madzi a mchere osunga pH) yomwe pepala lanena, kawirikawiri kuti ifike pakati pa 0.1 ndi 1 mg/ml, siyani mphindi 15 mpaka 20, kenako sakanizani pang'onopang'ono ndi pipette. Vortex ayi. Thovu limawononga puloteni.

Tsopano nkhani yomwe imapha machubu ambiri kuno: kuuma ndi kusungunuka mobwerezabwereza. Nthawi iliyonse madzi akamauma, mchere umaunjikana m'timadzi totsala, pH imasintha, ndipo puloteni imapindika molakwika n'kumamatirana. c-MYC ndi yosachedwa kutero, chifukwa mbali yaikulu ya thupi lake ilibe maonekedwe okhazikika ikakhala yokha. Aliyense amadziwa lamulo logawa m'timachubu ta 5 kapena 10 µl tsiku loyamba lomwelo, kuti kalikonse kasungunuke kamodzi. Chomwe sitiwerengera ndi kusungunuka komwe kumachitika ife kulibe. Magetsi azima Loweruka usiku, jenereta ilibe dizilo, abwera Lamlungu masana. Lolemba mupeza zonse zili gwa ngati palibe chachitika. Timachubu ta 5 µl timasungunuka msanga kuposa china chilichonse mufirijimo.

Ngati mulibe kachipangizo kolemba kutentha, umitsani madzi m'kapu, muike kobiri pamwamba pa ayeziyo, n'kuisiya mufiriji pafupi ndi bokosi lanu. Mukadzapeza kobiri ili pansi kapena pakati, zinasungunuka. Bokosilo likhale pakatikati, litazunguliridwa ndi mabotolo a madzi ouma, osati pa chitseko. Firiji ya kunyumba ija yosachita chipale, yomwe amailemba kuti frost-free, ndiyosayenera, chifukwa imadzitenthetsa yokha kangapo pa tsiku kuti isungunule ayezi.

Njira yomwe ndimaikonda pa malo ngati athu ndi glycerol. Mukaithira mpaka 50%, madziwo sauma pa -20 °C, choncho magetsi akazima kwa maola ochepa puloteni imangofunda pang'ono n'kuziziranso, osadutsa m'kuuma ndi kusungunuka kuja. Onani kaye ngati glycerol yochuluka chotero singasokoneze muyezo wanu. Ndipo ngati muli ndi anzanu ku Lilongwe omwe ali ndi firiji ya -80 °C yodalirika, asungireni theka la timachubu kumeneko, kuno kukhale togwiritsa ntchito mwezi uno.

Chomaliza pa gawoli ndi pulasitiki. Puloteni ikathiridwa madzi ambiri, kutsika pansi pa 0.1 mg/ml, gawo lalikulu limamatirira kukhoma la chubu ndi kukamwa kwa pipette. Amene amakonza standard (choyerekezera) ya ELISA, muyezo wa kuchuluka kwa puloteni ndi antibodi, ya ma nanogram ochepa lero kuti adzaigwiritse ntchito sabata yamawa amadzapeza mzere wake wagwa. Sungani yokhathamira, muichepetse mphamvu tsiku loigwiritsa ntchito lomwelo, mu buffer yokhala ndi 0.1% BSA.

Ilipo pa Coomassie koma pa Western blot palibe

Apa puloteni ilibe mlandu. Dayani membrane, pepala lomwe mapuloteni amasamukirapo, ndi utoto wa Ponceau S muone ngati zinthu zinasamuka kuchoka pa jeli. Membrane ya PVDF yosanyowetsedwa kaye mu methanol sigwira kanthu. Sakanizani kadontho ka antibodi yachiwiri ndi ECL, madzi omwe amawalitsa mzere, m'kachubu mumdima: kakapanda kuwala, chimodzi mwa ziwirizo chatha mphamvu. Sodium azide mu buffer imapha HRP, enzayimu ya pa antibodi yachiwiri yomwe imawalitsa ECL. Izi n'zodziwika, ndingodutsa.

Chomwe chimazunguza anthu ndi ichi. Antibodi iliyonse imagwira kachigawo kamodzi ka puloteni. Ya 9E10 imagwira ma amino acid 410 mpaka 419, kumchira. Ya Y69 imagwira kumutu. Makampani ena sagulitsa c-MYC yonse ya ma amino acid 439, chifukwa ndi yovuta kupanga. Amagulitsa chidutswa, nthawi zambiri cha kumchira komwe kumagwira DNA. Muike chidutswa cha kumchira, muthire Y69, mudzadikira mpaka kalekale. Yerekezani manambala a pa pepala la puloteni ndi a pa pepala la antibodi.

Chimodzimodzi ndi ma antibodi a phospho. M'selo ya munthu c-MYC imaikidwa phosphate pa serine 62 ndi threonine 58, ndipo ya pa 58 ndi imene imaitumiza kukaphwanyidwa. M'zotupa zina za Burkitt malo amenewa amakhala atasintha, n'chifukwa chake ofufuza amawafuna. Koma E. coli saika phosphate pamenepo. Puloteni yochokera m'bakiteriya singakhale positive control ya antibodi ya phospho. Imathandiza mbali inayo, kuonetsa kuti antibodi yanu sigwira yopanda phosphate.

Nthawi zina mzere umatuluka woyera pakati, wakuda m'mbali. Mwaika yambiri, ECL yathera pomwepo. Puloteni yoyeretsedwa si lysate, madzi a maselo ophwanyidwa omwe muli mapuloteni ambirimbiri. 10 mpaka 50 ng ndi yokwana.

Mzere uli pamalo olakwika

Mukawerengetsa kulemera kwa ma amino acid 439 mupeza pafupifupi 49 kDa. Pa jeli c-MYC simaonekera pamenepo. Imayenda mochedwa, n'kukaima cha pakati pa 57 ndi 65 kDa. Ndi khalidwe lake, si chizindikiro cha vuto. Kamchira ka His kamangowonjezera pang'ono, koma GST imawonjezera 26 kDa yathunthu. Chidutswa cha kumchira chokha chikhoza kukhala pansi pa 20 kDa, ndipo pa jeli ya 8% chimatuluka kunsi n'kugwera mu buffer inu mukudikira kumtunda.

Choncho musayembekezere kuti mzere wa m'kachubu ufanane ndendende ndi wa m'maselo anu. Ngati mukufuna control yoima pamalo enieni, gwiritsani lysate ya maselo a Raji, omwe anachokera ku chotupa cha Burkitt cha mwana wa ku Nigeria mu 1963 ndipo ali ndi c-MYC yambiri. Ziwirizi zimayankha mafunso osiyana: ya m'kachubu imakuuzani ngati antibodi ikugwira komanso kuchuluka kwake, ya Raji imakuuzani pomwe muyang'ane.

Sikugwira DNA

Ili ndi dandaulo lomwe limandimvetsa chisoni, chifukwa munthu amatha milungu akusintha mchere ndi pH pomwe chosowa n'china. c-MYC payokha sigwira DNA mwamphamvu. Imafuna mnzake, puloteni yaing'ono yotchedwa MAX, yomwe Elizabeth Blackwood ndi Robert Eisenman anaifotokoza mu 1991. Ziwirizi zikakumana, zimapotana n'kupanga chogwirira chomwe chimakhala pa zilembo CACGTG, zomwe amazitcha E-box. Mutu umodzi susenza denga. EMSA (jeli yoonera ngati puloteni yagwira DNA) ya c-MYC yopanda MAX siionetsa kanthu ngakhale puloteniyo itachoka ku fakitale dzulo.

Sakanizani c-MYC ndi MAX kaye, zikhale limodzi kwa mphindi zingapo, kenako muthire DNA. Dziwaninso kuti MAX imatha kugwirana ndi MAX inzake n'kukhala pa E-box yomweyo popanda c-MYC. Pa jeli payenera kukhala mpata wa MAX yokha, wa c-MYC yokha, ndi wa zonse pamodzi. Mukapanda kutero mudzalengeza kuti c-MYC yagwira pomwe mukuona MAX. Muikenso DNA yomwe zilembo za E-box zasinthidwa. Ikagwidwanso chimodzimodzi, kugwirako n'kwachisawawa, onjezerani poly(dI-dC).

Bwererani ku pepala lija muone buffer. Mukaona urea yochuluka, kapena guanidine, kapena SDS, puloteniyo inatuluka m'bakiteriya itaundana ndipo anaisungunula mwa kuitambasula. Yotere ndi yabwino pa Western blot ndi pa ELISA zina, koma kampani sinalonjeze kuti idzagwira DNA. Pa mndandanda wa ntchito zake mukapeza SDS-PAGE ndi WB basi, musaiimbe mlandu.

Zina ndi za m'chipinda mwathu momwe. Thanki yomwe dzulo munathamangitsiramo SDS-PAGE imakhala ndi SDS yotsalira, ndipo yochepa chabe imalekanitsa puloteni ndi DNA. Tsukani bwino magalasi, chipeso ndi thanki, kapena patulani zina za EMSA zokha. DTT yosungunuka imatha mphamvu pakapita masiku, thirani yatsopano tsiku lomwelo. Ndipo kutentha kwa Kasungu nyengo ya chilimwe sikocheza: jeli ya 5% mu 0.5x TBE imafunda yokha magetsi akamadutsamo, ndiye m'chipinda chotentha kale zomwe zinagwirana zimasiyana zili m'njira, n'kutsala chifunga. Ikani thanki m'beseni la ayezi, tsitsani mphamvu ya magetsi, ndipo ngati n'kotheka yambani m'mamawa.

Ndaithira pa maselo

Apa pali madandaulo awiri otsutsana. Loyamba ndi lakuti palibe chachitika. N'zoona, ndipo sichidzachitika. Tinazolowera IL-2 ndi ma cytokine ena, mapuloteni otumiza uthenga pakati pa maselo, omwe timangothira m'madzi a maselo n'kugwira ntchito, chifukwa amagogoda pa khungu la selo kunja. Transcription factor ntchito yake ili m'kati mwenimweni, mu nyukiliyasi, ndipo puloteni yaikulu chonchi silowa yokha. Pokhapokha ngati inapangidwa ndi kamchira kolowetsa, monga TAT kapena ma arginine ondondozana, imangoyandama panja mpaka itaphwanyika. Amene akufuna kuona zomwe c-MYC yochuluka imachita m'selo alowetse jini yake, osati puloteni.

Lachiwiri ndi loopsa kuposa loyamba, chifukwa limabwera ngati nkhani yabwino: maselo a m'magazi ayankha mwamphamvu, ma cytokine a TNF-α ndi IL-6 akwera. Musanalembe lipoti, kumbukirani kuti puloteniyo inakulira mu E. coli, ndipo khungu la bakiteriyayu lili ndi poizoni wotchedwa endotoxin. Ma monocyte, maselo oyera a m'magazi, amaimva kudzera pa puloteni ya pa khungu lawo yotchedwa TLR4 ngakhale ili yochepetsetsa. Pepala labwino limanena muyezo wake, kawirikawiri pansi pa 1 EU (muyezo wa endotoxin) pa µg iliyonse. Likakhala chete pa nkhaniyi, puloteniyo sinakonzedwere maselo amoyo. Kuyesa n'kosavuta. Wiritsani gawo lina kwa mphindi 30: puloteni imafa, endotoxin simafa ndi kuwira kotere. Maselo akayankhabe chimodzimodzi, mukuyeza bakiteriya. Pa gawo lina thirani polymyxin B, pafupifupi 10 µg/ml, yomwe imamanga endotoxin. Yankho likazimiririka, mlandu watha. Muikenso buffer yokha yopanda puloteni, poti imidazole ndi urea nazo zimavutitsa maselo.

Ngati zonsezi zili bwino

Zimachitika ndithu kuti gulu lina la katundu linatuluka loipa. Lemberani kampani, muike nambala ya lot, tsiku lofika, momwe dry ice inalili, chithunzi cha jeli ya Coomassie chokhala ndi BSA pambali, ndi dzina la antibodi yomwe munagwiritsa. Kalata yotere amaiyankha mosiyana ndi yongoti sikugwira ntchito, ndipo makampani ambiri amatumiza ina kapena kubweza ndalama umboni ukakhala womveka. Pemphani kuti ya ulendo uno ichokere ku lot ina.

Kachubu kakaleko musataye. Ngati jeli yaonetsa kuti puloteni ikadali yathunthu koma yangosiya kugwira DNA, pa Western blot ilibe vuto, poti kumeneko timaitambasula dala. Isakanizeni ndi Laemmli buffer, muiwiritse pa 95 °C kwa mphindi 5, muigawe m'timachubu ta 20 ng, n'kusunga pa -20 °C. Ikakhala mu SDS chotero, kuzima kwa magetsi kwa usiku umodzi sikuiwononga kwenikweni, ndipo 10 µg yotsala ikukwanirani ma blot 500.